Chimbale chotsanzikira cha Buffalo Springfield

Ambiri amachinyoza chimbale cha Last Time Around kuti ndi zotsalira chabe, ndipo n'zoona kuti pomwe chinkatuluka mu Julaye 1968, gulu la Buffalo Springfield linali litatha kale. Neil Young ankangobwera mwa apo ndi apo, moti Jim Messina ndiye anavutika kusonkhanitsa nyimbozo. Koma tamverani Kind Woman ya Richie Furay, yomwe ili kumapeto kwenikweni. Gitala ya pedal steel ya Rusty Young imalira ngati namfedwa, ndipo gulu lomwe linatchukira ku Los Angeles likuimba country mopanda manyazi. Furay, Messina ndi Rusty anayambitsa gulu la Poco chaka chomwecho. Kwa ine, nyimbo imodziyi ikuchiwombola chimbale chonsecho. Chifunefuneni, abale anga.

Wanu, Mkomanyimbo