Tiana ta Nsomba za M'nyanja Yamchere ndi Matenda a Bakiteriya

M'chaka cha 1970 abale awiri, a Ove ndi a Sivert Grøntvedt, anaika tiana 20,000 ta nsomba zotchedwa salmon m'khola la ukonde loyandama pa nyanja yamchere, pafupi ndi chisumbu cha Hitra m'dziko la Norway. Uku ndiko kunali kubadwa kwa ulimi umene lero umatulutsa nsomba zoposa matani miliyoni imodzi pachaka m'dziko limenelo. Koma walira mvula walira matope. Pasanapite zaka zambiri dzina la chisumbu chomwechi linayamba kutchulidwa pa nkhani ina yosakondweretsa, pakuti nthenda imene inapululutsa nsomba m'makola m'nyengo yozizira inapatsidwa dzina loti nthenda ya Hitra.

Tisanapite patali, awerengi, nkofunika kuti timvetse chifukwa chimene nsomba yaing'ono ndiyo imayamba kugwa. Salmon imaswedwa m'madzi opanda mchere, ndipo mlimi amailera momwemo kufikira italemera magalamu ngati 100, kapena kuposerapo. Tsono amaisamutsira ku nyanja yamchere. Kwa ife kusamukako kungaoneke ngati kuchoka m'dziwe ili kulowa m'dziwe lina, koma kwa nsomba ndi kusintha kwa thupi lonse. M'madzi opanda mchere, madzi amalowa okha m'thupi mwake ndipo ntchito yake ndi kuwatulutsa. M'nyanja yamchere madzi amatuluka m'thupi, kotero iyenera kumwa madzi amcherewo ndi kutaya mchere wopyola muyeso. Onjezanipo kupopedwa m'mipope, ulendo wa m'ngalawa, ndi kuthithikana m'khola limene malamulo a ku Norway amalola kuti musungidwe nsomba zofika 200,000. Kamwana kotopa chotere, kakangonyuka khungu pang'ono, katsegulira khomo tizilombo ta bakiteriya timene timakhala m'madzimo masiku onse.

Nsomba za m'nyanja ya Mediterranean, monga sea bass ndi sea bream zimene amaweta ku Greece ndi ku Turkey, vuto lawo limayamba msanga koposa. Zimaswedwa zili tating'onoting'ono, mamilimita ochepa chabe, chitetezo cha m'thupi chisanakhwime, ndipo chakudya chawo choyamba ndi tamoyo tina ta m'madzi timene nthawi zambiri timanyamula mabakiteriya a mtundu wa Vibrio. Nthenda imalowera m'chakudya momwemo, ndipo kanthu kochepa chotero sungakabaye jekeseni.

Tibwerere ku Norway. Pamwamba pa nthenda ya Hitra panadza inanso yotchedwa furunculosis, imene imatupitsa zithupsa m'mnofu wa nsomba. Iyi inafika m'chaka cha 1985 pamodzi ndi tiana ta nsomba togulidwa ku Scotland, pa nthawi imene alimi anali ndi makola ambiri koma mbewu yosakwanira. Alimiwo anachita chimene munthu aliyense wothedwa nzeru amachita: anasakaniza mankhwala opha mabakiteriya m'chakudya cha nsomba, nathira m'makola. M'chaka cha 1987 chokha anagwiritsa ntchito mankhwala pafupifupi matani 50, pamene nsomba zimene anakolola zinali matani ngati 50,000 basi. Wophunzira aliyense wodziwa masamu aona yekha kuti uku kunali kuthira kilogalamu imodzi ya mankhwala pa tani iliyonse ya nsomba.

Choipa cha njira imeneyi chili pawiri. Nsomba yodwala sidya, kotero mankhwala amapita kwa zimene zikadali zamphamvu, ndipo chakudya chotsala chimamira pansi pa nyanja ndi mankhwala ake omwe. Kumeneko mabakiteriya amakumana ndi mankhwala ofooka tsiku ndi tsiku. Ofooka amafa, olimba amatsala nachulukana, ndipo m'kupita kwa nthawi mankhwala aja sagwiranso ntchito. Aphunzitsi a sayansi amene amavutika kupeza chitsanzo chomveka cha kusankha kwa chilengedwe, nachi chitsanzo. Ndipo tisaiwale kuti ena mwa mankhwalawa, monga oxytetracycline, ndi a banja lomwelo la mankhwala amene amaperekedwa kwa anthu ndi ziweto.

Chimene chinapulumutsa Norway ndi katemera. Wa nthenda ya Hitra anayamba kugwiritsidwa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo wa furunculosis, wosakaniza ndi mafuta kuti mphamvu yake ikhalitse m'thupi, anafika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Kuyambira pamenepo kamwana kalikonse ka salmon kamagonekedwa ndi mankhwala ndi kubayidwa pamimba kasanaone nyanja yamchere, ndipo ntchito imeneyi imachitika pa nsomba mamiliyoni mazanamazana chaka ndi chaka. Panabweranso malamulo: nsomba za misinkhu yosiyana zisasungidwe malo amodzi, malo apumitsidwe pambuyo pa kukolola monga m'mene timagonekera munda, ndipo mankhwala asaperekedwe popanda kalata ya katswiri wa matenda a nyama. Zotsatira zake nzodabwitsa. Nsomba zachuluka kuposa kale kambirimbiri, koma m'zaka zambiri zaposachedwa mankhwala ogwiritsidwa ntchito sanakwane ngakhale tani imodzi. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la WHO linatchula Norway ngati chitsanzo pa nkhani imeneyi.

Kodi nanga bwanji dziko la Chile, limene ndi lachiwiri pa ulimi wa salmon, silinangotsata mapazi omwewo? Ena amafulumira kunena kuti ndi umbombo wa eni makampani. Mwina umbombo ulipo, koma yankho limeneli nlosakwanira. Mdani wamkulu wa ku Chile ndi bakiteriya wotchedwa Piscirickettsia salmonis, amene anadziwika koyamba kumwera kwa dzikolo mu 1989. Iyeyu amabisala m'kati mwenimweni mwa maselo a nsomba, m'mene asilikali a m'magazi amene katemera amadzutsa safikamo bwino. Akatemera alipo, koma chitetezo chawo sichikhalitsa mpaka nthawi yokolola. Nchifukwa chake mu 2014 alimi a ku Chile anagwiritsa ntchito mankhwala matani 563, ndipo mu 2023 chiwerengerocho chinali chikadali pamwamba pa matani 300. Komabe, m'kuona kwanga, kuvuta kwa kachilomboka sikuchotsa mlandu wonse. Pamene katemera ali wofooka mpomwe kuchepetsa nsomba m'khola ndi kutalikitsa makola kumafunika koposa, ndipo zimenezi ndi zosankha za anthu.

Ngakhale ku Norway komweko nkhani sinathe. Bungwe la boma lofufuza matenda a nyama linalengeza kuti mu 2023 salmon 62.8 miliyoni zinafera m'makola a m'nyanja, kumene kuli kunena kuti pafupifupi nsomba 17 pa 100 zilizonse. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali zilonda za m'nyengo yozizira, zoyamba ndi bakiteriya wotchedwa Moritella viscosa pamodzi ndi anzake a mtundu wa Tenacibaculum. Njira imene zilondazi zimadzera ndiyo yopatsa maganizo. Nsabwe za m'nyanja zimene zimadya khungu la salmon zinazolowera mankhwala, kotero alimi anayamba kuzichotsa posambitsa nsomba m'madzi ofunda kapena pozitsuka ndi makina. Nsabwe zimachokadi, koma pamodzi nazo pamachoka mamba ndi zoterera zija zimene zimateteza khungu, ndipo m'madzi ozizira bala la nsomba limachedwa kupola. Dziko lingathe kunyadira kuti silithira mankhwala m'nyanja, pamene nsomba imodzi mwa zisanu ndi imodzi zilizonse ikufa isanafike pa msika.

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife amene tilibe nyanja yamchere. Makola oyandama afika kale kuno: chambo chikuwetedwa motero ku Mangochi, ndipo ku Siavonga pa nyanja ya Kariba ulimiwu ndi waukulu koposa. Tizilombo ta m'madzi athu ofunda ndi tina, koma kuthithikana ndi kusamutsa mbewu ndi komweko. Mu 2020 nthenda ya zilonda za nsomba yotchedwa EUS inabuka ku Mchinji. Iyi siyamba ndi bakiteriya koma ndi kachilombo konga nkhungu, komabe boma linakakamizika kuletsa kusamutsa nsomba kuchokera m'madera okhudzidwa. M'gawo lotsatira tidzaona ulendo wa kamwana ka chambo kuchokera kumalo oswetsera kukafika m'dziwe la mlimi, ndi amene ayenera kukayeza pa njira.