MBEWU ZOGONA M'MABOTOLO

Mbewu ya cimanga imatha kudikira mvula m'nkhokwe popanda vuto. Kandolo ndi mbatatesi sizitero ai. Mlimi amabzala tsinde la kandolo kapena mbatatesi yeniyeniyo, ndipo zonsezi sizikhalitsa. Cilala kapena matenda zikaononga munda caka cimodzi cokha, mtundu umene makolo athu anausamala zaka zambiri ukhoza kutheratu.

Ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka, kuli nkhokwe ya mbewu ya maiko a SADC, yochedwa SPGRC, imene inakhazikitsidwa mu 1989. Kumeneko njere za mapira, mawere ndi nyemba amaziumitsa nazisunga m'mafiriji pa madigiri 18 pansi pa ziro. Koma mbatata ikaikidwa pozizira motero imafa, ndipo njere zake zikabzalidwa zimabala mtundu wosiyana ndi kholo lake.

Nciani tsono cimene akatswiri amacita? Amadula kansonga ka mphukira nakaika m'kabotolo kotseka bwino, momwe muli cakudya conga phala lolimba, copanda tizilombo. Kansongako kamamera. Kuti kasakule msanga, amazizilitsa cipinda kufika pa madigiri 6 mpaka 8, amacepetsa kuwala, ndipo m'cakudyaco amathiramo sorbitol, imene imaletsa kambewuko kumwa madzi ambiri. Motero kambatatesi kamakhala ngati kali m'tulo pafupifupi zaka ziwiri, kenaka amakadulanso ndi kukaika m'botolo lina. Bungwe la CIP la ku Lima, m'dziko la Peru, lokhazikitsidwa mu 1971, limasunga mitundu ya mbatatesi yoposa 4,000.

Nchito imeneyi ili ndi cifukwa cake. Ku Ireland anthu osauka ankadalira kwambiri mtundu umodzi wa mbatatesi. Matenda atafika mu 1845, minda inaola, ndipo m'zaka za njala zotsatira anthu pafupifupi 1,000,000 anamwalira.

Botolo limasunga cokhaco cimene akatswiri acipeza cikali m'munda, ndipo mlimi amalima cimene ife a m'tauni tigula. Tikamafuna Chingovwa yekha pa msika wa Soweto, mitundu ina idzasiyidwa. Conde, pogula funsani dzina la kandoloyo, ndipo lawaniko mtundu umene simunauzolowere. Mukapita kumudzi pemphani tsinde kwa agogo, mudzabzale mzere umodzi kuseri kwa nyumba ku Chelstone kapena ku Kabwata, ndi kuuza ana anu dzina lake.