Injini yalowa, mafuta akupita kuti?

Msika wa fodya ukangotsegulidwa, injini zimayamba kufika pa Chamama. Mlimi akalandira ndalama za mabelo oyamba ku Chinkhoma, amakumbukira Hilux imene yagona pamiyala kuseri kwa chigafa dzinja lonse. Amapita ku Lilongwe, n'kuzungulira magalaja a ku Biwi, n'kubwera ndi injini ya ku Japan yoti "yangotsika kumene kuchokera ku Dar". Pakatha sabata ziwiri, mumve dandaulo: "Achimwene, anandipusitsa anthu aja. Galimotoyi ikubwira mafuta."

Mwina anamupusitsadi. Koma injini yatsopano ili ngati mkamwini: nkhokwe ikatha msanga, zala zonse zimaloza iye, chonsecho anankafumbwe analimo iye asanafike pamudzi.

Ine wodandaula ndimamufunsa funso limodzi: pa lita imodzi ikuyenda makilomita angati? Yankho limabwera m'makwacha. "Kale ndikathira a ndalama zakutizakuti ndinkapita kuboma n'kubwerako kawiri." Kale liti, bambo? Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo MERA yakweza mitengo ya mafuta kangapo. Galimoto imene yakhala pamiyala chaka chathunthu imadzuka mitengo itasintha. Onjezani apo dizilo wa m'zigubu amene timagula kwa mavenda mafuta akasowa. Chigubu cha malita 5 sichikhala chodzaza nthawi zonse, ndipo ena amasakanizamo parafini.

Kuyeza sikufuna makaniko. Dzazani thanki mpaka kukhosi pafilingi siteshoni, lembani nambala ya makilomita, yendani ulendo wanu, kenaka mudzazenso pamalo omwewo, galimoto itaima monga inaimira poyamba. Makilomitawo muwagawe ndi malita amene alowa kachiwiri. Hilux yakale ya dizilo yosamalidwa bwino, patala, isanalemedwe, imasewera cha m'ma makilomita 10 pa lita. Mumsewu wafumbi wa mabampu, pa giya 2 ndi 3, musayembekezere zimenezo.

Komatu nayo nambala ya makilomita imanama. Ambiri amagula injini pamodzi ndi giyabokosi yake, nthawi zina yochotsedwa mu Hiace. Pagalimoto zakalezi, waya wa sipidomita amazunguzidwa ndi kagiya ka mu giyabokosi, ndipo kagiyako anakapangira difu ndi matayala a galimoto imene kanachokera. Mukawonjezera matayala akuluakulu oti muziwolokera matope, wotchi imawerenga mtunda wochepa pomwe mwayenda wautali. Yesani pamsewu wodziwika: kuchoka pa Kasungu kufika ku Lilongwe pa M1 ndi pafupifupi makilomita 130. Wotchi ikati 110, mafuta ena amene mukuwalira sanatayike n'komwe.

Kenaka funsani kuti mwaika injini yanji. Ya 2L ndi ya malita 2.4, ya 3L ndi 2.8, ya 5L ndi 3.0. Munthu wachotsa 2L, waika 5L chifukwa akufuna mphamvu pachitunda, ndiye akudabwa kuti mafuta sakufanana ndi kale.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi papampu ya dizilo. Pofuna kupulumutsa ndalama, ambiri amagula injini yopanda zake, n'kusamutsira pampu ndi manozo a injini yakufa ija. Pampu inatcheredwa kuti izipatsa injini ina, manozo atopa ndipo m'malo mopopera dizilo ngati nkhungu akungodontheza. Pamainjini a L pampu imayendetsedwa ndi lamba wa taimingi, ndipo lambayo akaphonya dzino limodzi lokha galimoto imalirabe, imayendanso, koma yaulesi. Dalaivala amaponda kwambiri kuti ikoke. Apa ndi pamene makaniko wa pansi pa mtengo amatulutsa sipanala: "Bwana, tingotsegulako pampu pang'ono." Amapotoza kabawuti ka mafuta, galimoto n'kupeza nyonga, mwini wake n'kuwomba m'manja. Utsi wakuda umene ukutsala m'mbuyo pokwera chitunda ndi dizilo amene sanapse, wogulidwa ndi fodya wanu. Utsi woyera wonunkha dizilo, makamaka m'mawa, kawirikawiri umaloza taimingi yochedwa kapena manozo. Wabuluu ndi oyilo, ndipo pamenepo ndiye mungabwererere kwa wogulitsa uja ndi mkwiyo wanu wonse. Pampu ndi manozo amaziyeza pamakina ake mumzinda. Ndi ndalama, inde, koma khutu la makaniko, ngakhale akhale katswiri chotani, silingalowe m'malo mwa makinawo.

Chizolowezi china chimene chimandinyansa ndi chotaya thermostat. Amakaniko athu ambiri akaiona amaiponya kutchire, ati kuno n'kotentha, chimenechi n'cha kwa azungu kozizira. Chonsecho injini inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ake atatentha kupitirira madigiri 80. Nyamukani pa Chamama mbandakucha mu Juni, chisanu chikuluma zala, muone muvi wa kutentha utagona pansi mpaka pa Mtunthama. Injini yozizira siwotcha bwino mafuta, ndipo imadyeka msanga. Pa injini za D-4D ndi zina za kompyuta zinthu zimaipiratu, chifukwa kompyutayo ikamva kuti injini ikadazizira imawonjezera mafuta. Chimodzimodzi sensa ikasiyidwa ikulendewera chifukwa pulagi yake sinagwirizane ndi mawaya akale.

Zina n'zazing'ono, zongofuna maso. Sefa ya mpweya imatsekeka ndi fumbi la chilimwe. Kapaipi kobwezera dizilo kuthanki kamang'ambika pochotsa injini, ndipo fumbi lonyowa pambali pa injini limaulula. Galimoto yokhalitsa pamiyala mabuleki ake amagwira: mukayenda pang'ono, gwirani malimu onse anayi, lotentha kuposa anzake ndilo. Kilatchi yakale ikamaterereka, injini imakuwa koma liwiro osawonjezeka.

Za dalaivala ndi kapaipi kake ndi kachigubu kuseri kwa mpando, zimachitika, sindikana. Koma ndaona anyamata akuchotsedwa ntchito, kutchedwa akuba pamaso pa anthu, bwana asanayezepo thanki ngakhale kamodzi. Yendetsani nokha ulendo umodzi, kapena khalani pambali pake, muyerekeze malita.

Muwerengenso mabelo. Belo la fodya limalemera makilogalamu 100 kapena kuposerapo, ndipo pikapu zimenezi anazipangira katundu wa pafupifupi tani imodzi. Injini yakale inkakana yokha ikalemedwa, inkatsokomola pachitunda anthu n'kutsika kukankha. Yatsopanoyi siikana. Ndiye pamene pankakwera mabelo 8 pano pakukwera 15, masipuling'i atawongoka, matayala akumbuyo ataphwa m'mbali, pamwamba pa mabelo patakhalanso anthu a matola ndi njinga zawo, ndipo dalaivala akuthamanga kuti akapeze malo pamzere wotsitsa ku Chinkhoma.