Za mphenzi tizikambirane pabwalo

Mitambo ikayamba kuunjikana pamwamba pa phiri la Dedza, ine nkhawa yanga imakhala pa agogo athu. Mphenzi ikagwa pamudzi, anthu safunsa kuti yagwa bwanji. Amafunsa kuti waitumiza ndani. Ku Neno mu Januwale 2016, mtsikana atamwalira ndi mphenzi, anthu anapha okalamba anayi.

Olimbana ndi mchitidwewu alipo. A George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism anayesetsa kutulutsa m'ndende nkhalamba zomangidwa pa milandu ya ufiti, pomwe lamulo la 1911 limati wolakwa ndi amene akuloza mnzake chala. A Wonderful Mkhutche ndi Humanists Malawi akupitiriza. Koma macheza ambiri a sayansi m'dziko muno amathera m'tauni, m'Chingerezi, mwinanso pa Facebook, pakati pa anthu ogwirizana kale. Mayi wa ku Lobi kapena ku Mayani, amene mawa adzakhale m'chigulu chokuwiza nkhalamba, sawamva n'komwe.

Ndikulakalaka macheza otere Loweruka masana pabwalo la amfumu, thobwa likuzungulira. Akatswiri tili nawo kale: mphunzitsi wa sayansi wa pasekondale, mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo wa m'mudzi.

Mphunzitsi auze ana kuti akaona kung'anima aziwerenga mpaka bingu limveke. Masekondi atatu ndiye kuti yagwa pamtunda wa kilomita imodzi, poti kuwala kumathamanga kuposa phokoso. Afotokoze chifukwa chake mphenzi imakonda mtengo wautali woima pawokha, womwewo umene abusa a ng'ombe amathawirako mvula. Afotokozenso kuti mphamvu yake imayenda pansi, n'chifukwa chake ng'ombe zingapo zimagwa nthawi imodzi popanda munthu wozichitira kaduka.

Mlangizi abwere ndi tsamba la mbatatesi logwidwa chiwawu, alitembenuze, anthu aone tinguwi toyera kunsi kwake. Matendawa amakonda chinyezi ndi kuzizira, ndipo nkhungu ya ku Bembeke ndiye kwawo. Munda wa neba ukapulumuka, mwina anapopera mankhwala msanga, basi.

Nkhani yovuta ndi ya gogo wopezeka m'mamawa pakhomo pa eni, ali mbulanda, osadziwa kwawo. Timathamangira kunena kuti wagwa pa lichero. Mukamufunsa mwaukali ngati amatamba, amavomera, pakuti angavomere chilichonse. Achipatala amadziwa kuti pali matenda a ukalamba oononga ubongo, oiwalitsa munthu njira ngakhale maina a ana ake. Izi zinenedwe m'Chichewa, adzukulu ake ali pomwepo.

Chimene sindifuna ndi mlendo wobwera pagalimoto kudzaseka anthu. Ngakhale komiti yapadera ya Law Commission, ya anthu ophunzira ndithu, inanena mu 2021 kuti lamulo livomereze zoti ufiti ulipo, ndiye wa kumudzi tingamunyoze bwanji? Wokayikira asayambe ndi kugwetsa tchalitchi kapena dambwe. Akatero atsala yekha ndi mipando. Alole mkulu wa mpingo afunse, namkungwi atsutse, ndipo funso likamukanika anene kuti lamukanika.

Aphunzitsi a ku sekondale ya Umbwi ndi a ku koleji ya zankhalango ku Chongoni, kapempheni bwalo kwa amfumu mvula isanagwe.