Singano zidikire, bere liyambe lapimidwa

Abale athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Durban satumiza ndalama zokha. Amatumizanso malangizo a zaumoyo, ndipo ena mwa malangizo amene akufika m'makomo a m'chigwa cha Rivirivi ndi onena za acupuncture, njira yochokera ku China yobaya timasingano topyapyala pamalo osankhidwa a thupi pofuna kuchepetsa ululu. Mayi akadandaula kuti bere likumupweteka, mwamuna wake ali ku Joni amayankha pa WhatsApp kuti kumeneko anthu akuchira ndi singano.

Kwa ife njirayi siioneka yachilendo kwenikweni. Tinakula tikuona agogo akulumika ndi nyanga, tikudziwa hijama, ndipo ambiri tili ndi zipsera za mphini. Chipembedzo chathu sichiletsa mankhwala chifukwa choti achokera kutali; chimafunsa ngati ali ndi phindu komanso ngati sakuvulaza. Pa mafunso awiriwa ndi pamene tikufuna kuima.

Phindu lilipo pang'ono, koma losakhazikika. Pa ululu wa msana ndi mawondo, kafukufuku waonetsa kuti anthu ena amapezako bwino. Pa ululu wa mawere, kafukufuku amene wachitika ndi wa anthu ochepa, wosakwanira kuti madokotala aikepo mtima. Ndipo ngakhale ululu utazizira, singano sinena chimene chinauyambitsa.

Mawere amapweteka pa zifukwa zosiyana. Amayi ambiri amamva kulemera ndi kuwawa mawere onse awiri masiku ochepa asanapite kumwezi, ululuwo n'kutha wokha akayamba kusamba. Uku ndi kusintha kwa m'thupi chabe, ndipo bra yokwana bwino ndi panado zimathandiza. Ena ululu umachokera m'minofu ndi m'nthiti chifukwa cha khasu ndi mitolo ya nkhuni. Mayi woyamwitsa bere likatupa, kufiira, kutentha, iye n'kumamva malungo, nthawi zambiri amafunika mankhwala opha tizilombo, ndipo alangizi amati apitirize kuyamwitsa. Akachedwa, m'kati mumasonkhana mafinya ofunika kuchotsedwa kuchipatala. Singano ya acupuncture siipha tizilombo.

Chimene chimatidetsa nkhawa koposa ndi ichi: khansa ya m'mawere kawirikawiri imayamba mosapweteka. Kachotupa kolimba kamakhala phee miyezi ingapo, mwini wake n'kumati poti sikawawa palibe vuto. Tsono mudzi ukazolowera kuti matenda ndi ululu, ndipo kuchira ndi kutha kwa ululu, ndiye kuti wasokera kawiri. Madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe akhala akudandaula kuti amayi ambiri amafika khansa itafalikira kale. Nthenda imeneyi ikapezeka msanga mpata wochira umakhala waukulu. Ikachedwa, otsala ndi ana amasiye.

Choncho mayi akaona chotupa m'bere kapena mwanabere m'khwapa, nsonga ya bere yolowa m'kati, magazi kapena madzi achilendo otuluka kunsonga, khungu lokhakhala ngati khoko la lalanje, chilonda chosapola, kapena ululu wa malo amodzi umene sukutha ngakhale wasamba, ulendo wake woyamba ndi wa kuchipatala chaching'ono, monga cha Utale kapena Phalula. Akaona kuti n'kofunika amutumiza ku Balaka kapena ku chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde, ndipo kuchokera kumeneko ku zipatala zazikulu, kumene amaunika ndi makina ndi kutenga kanyama kukapima.

Tikudziwa chimene chimamanga miyendo ya amayi athu. Ndi manyazi ovula pamaso pa dokotala wamwamuna, ndiponso kudikira chilolezo cha bambo amene ali kutsidya kwa Limpopo. Manyazi ndi chokongoletsa cha Msilamu, koma ma ulama anagamula kalekale kuti pa matenda, ngati palibe dokotala wamkazi, wamwamuna akhoza kuona malo odwalawo, makamaka pali mwamuna wake, m'bale kapena namwino. Mayi ali ndi ufulu wopempha kuti amuone namwino wamkazi. Ndipo inu abambo, ndalama imene mukanalipira wobaya singano ikukwana thiransipoti ya ku Liwonde. Chilolezo chiperekeni lero, chikhale chokhalitsa, kuti mayi asamadikire foni.

Dokotala akapima n'kunena kuti palibe choopsa, mayi wofuna kuyesa acupuncture sitimuletsa. Koma afunse mapepala. Ku South Africa obaya singano amalembetsedwa ndi bungwe la Allied Health Professions Council. Kwathu kuno za madokotala zimayang'aniridwa ndi Medical Council of Malawi. Singano zikhale zatsopano, zotsegulidwa iye akuona, chifukwa yobwereza imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, chimodzimodzi lumo la mphini ndi la hijama. Pachifuwa ndi poopsa mwapadera: pansi pa nthiti pali mapapo, ndipo singano yolowa kwambiri ikhoza kuboola papo munthu n'kubanika. Pa chotupa penipeni pasabayidwe, pasatemedwe, pasalumikidwe. Woyembekezera ndi amene akumwa mankhwala osungunula magazi anene asanagone pa bedi la wobaya.

Nkhani ngati izi sizikambika bwino pa mimbari tsiku la Jumu'ah, pomwe ana ndi apongozi akhala mzere umodzi. Malo ake ndi m'magulu a amayi a dawa. Tikupempha makomiti a mizikiti ya ku Balaka ndi Machinga kuti aitane anamwino a chipatala chapafupi kumisonkhano imeneyo, adzaonetse amayi kudzipima okha mawere kamodzi pamwezi, patapita masiku ochepa atamaliza kusamba. Okutobala ndi mwezi wokumbutsana za khansa ya m'mawere padziko lonse, koma makomiti asadikire mweziwo kuti alembe kalata yoitana namwino.