Njala ya Mayi Siitha ndi Kukolola

Pamene Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February 2024 kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, tonse tinawerenga matumba a cimanga amene anapsera m'minda. Tsamba lino lifuna kunena za citayiko cina cimene sicipimidwa ndi matumba, ndipo cimaonekera patapita zaka 50 kapena 60.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. M'selo imodzi muli ulusi wa cibadwa, DNA, umene utatambasulidwa ungatalike pafupifupi mamita 2. Umakwanamo cifukwa unakulungidwa pa timibulu tochedwa histone, monga telala akulungira ulusi wace. Pa ulusiwo pali malangizo pafupifupi 20,000 amene akatswiri amawacha majini (dzinali lisaopse awerengi, silikhudza mizimu ai). Selo siiwerenga malangizo onse. Mbali yokulungidwa mothina imakhala cete, yomasuka ndiyo igwira nchito. Palinso tizizindikiro ta mankhwala a methyl timene timamatirira pa ulusi ndi kutseka jini popanda kusintha lemba ngakhale limodzi. Ndico cifukwa cace selo ya ciwindi isiyana ndi ya diso, cikhalireco ulusi wace ndi umodzimodzi. Phunziro limeneli lichedwa epigenetics, dzina limene Conrad Waddington wa ku Britain analiyambitsa mu 1942.

Kodi cakudya ca mayi cingasinthe zizindikiro zimenezi? Yankho linacokera ku njala ya ku Netherlands. M'nyengo yozizira ya 1944 kufika 1945, asilikali a Germany anatsekereza cakudya kumadzulo kwa dzikolo, ndipo anthu pafupifupi 20,000 anafa. Zipatala zinasunga bwino mabuku a ana obadwa, cotero madokotala anatha kuwalondola. Anawo atakula, matenda a shuga ndi a mtima anawagwira koposa anzao. Mu 2008 Bastiaan Heijmans, L. H. Lumey ndi anzao anapima magazi ao napeza kuti iwo amene pathupi pao panayamba mkati mwa njala anali ndi methyl yocepa pa jini ya kukula yochedwa IGF2, poyerekeza ndi abale ao a bere limodzi. Zaka 60 zinali zitapita. Amene njala inawapeza atatsala pang'ono kubadwa analibe kusiyana kumeneku.

Kuno ku Africa, m'midzi ya alimi yozungulira Keneba ku Gambia, kafukufuku wa mu 2014 anaonetsa kuti zizindikiro za ana zisiyana malinga ndi nyengo imene mayi anatengera pathupi, kaya m'dzinja nkhokwe zitapepuka, kaya zokolola zilipo. Mlimi wa ku Katete kapena Petauke saufunsa mwezi wa February kuti ndi wotani.

Ena afika ponena kuti njala ya agogo imalowa mwa adzukulu. Pamenepa tiyende pang'onopang'ono. M'zomera ndi m'tinyongolotsi ta m'nyumba zopimiramo zaonekadi kuti zizindikiro zimapitirira mibadwo ingapo, koma mwa munthu zambiri zimafafanizidwa pamene moyo watsopano uyamba, ndipo umboni wa mibadwo itatu sunakhazikike. Za mayi ndi mwana wa m'mimba mwace ndizo ziri ndi maziko, ndipo nzokwanira kutidzutsa.

Kufufuza kwa Boma kwa mu 2018 kunapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka 5 m'Zambia anali opinimbira. Bungwe la National Food and Nutrition Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1967, lacita bwino kuphunzitsa za masiku 1,000 oyamba a moyo wa mwana. Koma phunziro la ku Netherlands likuti masabata oyambirira ndiwo oopsa, pamene mayi mwini sanadziwe nkomwe kuti waima, ndipo ku sikelo sanapite. Kudikira khadi la ku cipatala kuti mayi ayambe kudya bwino ndiko kucedwa.

Cifukwa cace tipempha ogawa cakudya ca cithandizo kuti m'caka ca njala asaike ufa wokha m'thumba. Nyemba, nsawawa ndi kapenta zikhalepo, ndipo atsikana ndi amayi a msinkhu wobereka alembedwe poyamba. Nyemba, mazira ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi cibwabwa ziri ndi zakudya zimene thupi lipangira methyl. Mayi asaimbidwe mlandu pa zimenezi, pakuti kawirikawiri ndiye amadya potsiriza, mbale ya bambo itapita kale. Mwambo woletsa mayi wapakati kudya mazira ukadamvekabe m'midzi ina. Mafumu, anamkungwi ndi aphungu a m'mipingo aukambe poyera pa misonkhano yao mvula isanagwe.