Agogo akafika, kambiranani za kagonedwe ka khanda

Kuno ku Maryland ndi ku Virginia, mwana akangobadwa m'banja la Amalawi, tikiti ya agogo imakhala itagulidwa kale. Amabwera kudzathandiza chikuta, ndipo ndi dalitso ndithu. Koma pali nkhani imodzi imene ambiri timachita nayo manyazi: khandalo ligone bwanji?

Ndine namwino, ndipo tsiku lina nditaweruka ndinadzera kwa mnzanga ku Silver Spring kukaona mwana. Ndinam'peza atagonekedwa chafufumimba pa sofa, mabulangete awiri pamwamba, chipewa kumutu, m'nyumba mukutentha. Nditam'tembenuza, agogo anati, "Iii anamwino, chagada atsamwa ndi mkakatu. Ifetu tinalera asanu ndi mmodzi."

Sindinawatsutse kuti sanalere. Koma kumudzi mwana ankagona pamphasa yolimba. Kuno matiresi ndi ofewa, mapilo ali mbwee, ndipo mayi amagona ali wolefuka ndi mashifiti. Khanda silingathe kudzutsa mutu mphuno zikatsekeka, limabanika mwakachetechete. Chakudza sichiimba ng'oma: chaka chilichonse makanda pafupifupi 3,500 amamwalira ali m'tulo muno mu America.

Muno mu America, malangizo ogoneka mwana chagada anafalikira kuchokera pompano. Mu 1994 bungwe la NICHD la ku Bethesda, pamodzi ndi mabungwe ena, linayambitsa kampeni ya Back to Sleep, ndipo imfa zadzidzidzi za makanda zinatsika ndi theka. Mu 2013 Maryland inaletsa kugulitsa timakhushoni tozungulira m'mbali mwa bedi la mwana. Za kutsamwazo, mwana akagona chagada njira ya mpweya imakhala pamwamba pa ya chakudya, choncho mkaka wobwerera sulowa msanga kumapapo.

Tsono zoyenera kuchita ndi izi. Mwana agone chagada nthawi zonse, usana ndi usiku, mpaka akwanitse chaka. Agone m'kabedi kakekake ka matiresi olimba, kopanda pilo, bulangete kapena zidole. Kabediko kakhale m'chipinda chanu miyezi 6 yoyambirira. Pa sofa ayi, ndipo wosuta asasutire m'nyumba. Okhala mu Washington DC amene alibe kabedi afunse za Safe Sleep Program ya DC Health.

Musadandaule kuti mwana akudzukadzuka. Wakhanda amagona maola 14 mpaka 17 patsiku, koma moduladula, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo amafuna kuyamwa pakatha maola awiri kapena atatu. Si matenda, ndipo si chifukwa chomugonekera chafufumimba kuti agone nthawi yaitali.

Kwa inu makolo, nkhaniyi muyambe agogo asanakwere ndege, kapena mupite nawo kusikelo akamve okha kwa dokotala. Kwa inu agogo athu, manja anu tikuwafuna: musambitseni, mumubereke, mumuimbire. Koma tulo tikam'gwira, m'gonekeni chagada m'kabedi kake.